Mwezi uja unafiira chifukwa chiyani?

Amake Tiyanjane (Kapata): Mwaswera bwanji nonse apagulu. Ndili ndi funso, chonde odziwa atiyankhe mofatsa. Lamulungu lija, pa 7 Seputembala 2025, mwezi unatuluka bwinobwino, kenaka unayamba kudyeka mbali imodzi mpaka wonse kufiira psuu. Ana anathawira m'nyumba, apongozi anga n'kuyamba kupemphera. Kumsika mpaka lero anthu akungokangana, ena akuti ndi chizindikiro cha matsiku otsiriza, ena akuti kukubwera chilala china. Kodi kwenikweni kunachitika chiyani kumwambaku?

Nabanda (Katete): Ifenso kuno tinaona. Ndinali pa ntchito yausiku, odikirira odwala onse anatuluka panja. Mayi wina woyembekezera anakana kuyang'ana, akuti mwana angabadwe ndi chilema. Aphunzitsi Banda, tabwerani kuno.

Aphunzitsi Banda (Chadiza): Ndabwera, amayi. Choyamba, apongozi anuwo muwauze mtima ukhale m'malo, ndipo mayi woyembekezerayo akanayang'ana sipakanachitika kanthu. Uja anali kadamsana wa mwezi. Mwezi ulibe kuwala kwakekwake, umangobweza kwa dzuwa. Tsiku limenelo dzuwa, dziko lathu ndi mwezi zinakhala pamzere umodzi, dziko lili pakati, mthunzi wake n'kugwera pamwezi. Kudyeka kuja kunayamba cha m'ma 18:27, mwezi wonse unalowa mumthunzi 19:30, n'kuyamba kutulukamo 20:52. Unakhala wofiira mphindi 82.

Tsono kufiirako. Mwezi ukanangoti bii osaoneka, koma mpweya umene wakuta dziko lathu umapinda kuwala kwina kwa dzuwa n'kukulowetsa mumthunzimo. Kuwala kwa dzuwa kuli ndi mitundu yonse ya utawaleza. Pomwe kukudutsa mumpweya, mtundu wa buluu umamwazikira m'njira, wofiira ndi umene umapyola n'kukafika kumwezi. N'chifukwa chomwechonso dzuwa limafiira likamalowa, makamaka miyezi ino pamene tchire likupsa, anyamata akusaka mbewa, utsi uli tolotolo.

Anthu akumsikawo muwauzenso kuti tsiku ndi mphindi za kadamsana ameneyu zinali zodziwika zaka zambiri m'mbuyomo. Wina wodya mwezi wonse amene adzaoneke kuno adzachitika pa 31 Disembala 2028 madzulo, ngati mitambo ya dzinja idzatilole. Chinthu chimene munthu angachiwerengere chisanachitike si malodza.

Chisomo (Giredi 11): Aphunzitsi, popeza mwezi umazungulira dziko mwezi uliwonse, bwanji kadamsana sachitika mwezi uliwonse?

Aphunzitsi Banda (Chadiza): Wafunsa bwino, mwana wanga. Njira ya mwezi ndi yopendekeka pang'ono, pafupifupi madigiri 5, poyerekeza ndi njira imene dziko limayendamo pozungulira dzuwa. Ndiye nthawi zambiri mwezi umalambalala mthunziwo, kudzera pamwamba kapena pansi pake. Nyengo zoti zitatuzi n'kukhala pamzere zimabwera pafupifupi kawiri pachaka.

A Jere (Mtenguleni): Ana anga, ndakhala ndikumvetsera, mdzukulu ndi amene akundiwerengera ndi kundilembera. Kwa ife Angoni nkhani ya kadamsana si yachilendo. Makolo athu powoloka Zambezi ndi Zwangendaba, cha ku Zumbo kumene Luangwa amathira m'Zambezi, kunada masanasana. Ambuya anga ankasimba nkhani imeneyi tili pamoto, ndipo ankati Mpezeni woyamba anali mwana pa nthawiyo. Chaka sankachitchula. Kusukulu ndi kumene tinadzamva kuti chinali 1835. Ndiye ndifunse, amene analemba chakacho anachidziwa bwanji, popeza makolo athu analibe kalendala?

Dalitso (Kitwe, kwathu ku Petauke): Ambuya, nkhani imeneyi ndi imene inandikopa kuti ndiphunzire fizikisi kuyunivesite. Masamu amene amatiuza za kadamsana wam'tsogolo amagwiranso ntchito chobwerera m'mbuyo. Akatswiri anawerengera kuti ndi liti pamene mthunzi wa mwezi unadutsa dera la Zambezi m'zaka zimenezo, n'kupeza Novembala 1835. Mabuku ena akusukulu amalemba pa 19, owerengera zakuthambo amati pa 20. Koma masamuwo paokha sakanadziwa kuti tsiku limenelo panali anthu akuwoloka mtsinje. Zinatengera ambuya anu kusunga nkhaniyo pakamwa. Pa mbiri yonse ya chigawo chino ya nthawi imeneyo, ndi zochitika zochepa kwambiri zimene timazidziwa mpaka mwezi ndi tsiku.

Amake Tiyanjane (Kapata): Ndiye uja wa 2001 unali wotero? Ndinali wamng'ono, ndikukumbuka ankagulitsa magalasi apepala.

Aphunzitsi Banda (Chadiza): Eya, pa 21 Juni 2001. Umenewo unali wa dzuwa, mwezi ndi umene unalowa pakati. Ku Lusaka kunada kwathunthu mphindi zitatu ndi pang'ono, alendo anabwera kuchokera maiko akutali kudzaona. Kuno kunangochita chizimezime, dzuwa silinaphimbike lonse. Pamenepa ndichenjeze. Kadamsana wa mwezi mungamuyang'ane ndi maso usiku wonse. Wa dzuwa musayerekeze popanda magalasi ake enieni, ngakhale magalasi akuda ogula pamsika sateteza. Diso limapsa m'kati munthu osamva kuwawa. Wapafupi nafe wophimba dzuwa lonse adzadutsa Namibia, Botswana ndi South Africa pa 25 Novembala 2030.

A Tembo (Sinda): Pepani abale, ine ndikhale wotsutsa. Feteleza wakwera mtengo. Chaka chatha chimanga chinapsa m'munda tikuona, malaiti ankapita pafupifupi tsiku lonse chifukwa madzi anachepa ku Kariba. Pomwe ife tikuvutika chonchi, maiko olemera akuponya mabiliyoni kumwamba kukajambula miyala. Kodi nyenyezi zitipatsa nsima? Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ana athu aphunzire ulimi ndi ukalipentala.

Nabanda (Katete): Achimwene a Tembo, kudandaula kwanu n'koona, njala ya 2024 tonse inatikhudza. Koma chilala chimene chija chinanenedweratu miyezi ingapo chisanafike. Anachiona bwanji? Masetilaiti ndi zipangizo za m'nyanja zinayeza kuti madzi a Pacific akutentha, chimene amati El Niño. Namondwe Freddy amene anapha abale athu ambiri kum'mwera kwa Malawi mu Malichi 2023 anamulondola ndi masetilaiti kuyambira kufupi ndi Australia, kwa masabata opitirira 5. Kumene uthenga unafika msanga anthu ena anasamuka n'kupulumuka. Chimandipweteka ine n'chakuti chidziwitso chimakhalapo koma sichifika kwa mlimi m'chilankhulo chimene amamva.

A Tembo (Sinda): Za nyengo ndavomera, achemwali. Ngakhale alangizi poyeza munda amagwiritsa ntchito GPS. Koma zimenezo ndi zoyang'ana pansi pano. Nanga zoyang'ana kutali komwe sitidzafikako?

A Jere (Mtenguleni): A Tembo, mwana wanga, inu ndinu mlimi. Atate anu ankadziwa bwanji kuti nthawi yososa yakwana? Ife tinkayang'ana mitengo ikaphuka, tinkamvera mbalame, komanso tinkayang'ana Nsangwe, tinyenyezi tija tounjikana pamodzi. Tikayamba kuoneka kum'mawa kutangoda, cha kumapeto kwa Okutobala kulowa Novembala, munthu ankadziwa kuti mvula ili pakhomo, mbewu zikhale pafupi. Amayi ankadzuka kukasinja poona Nthanda yatuluka. Apaulendo usiku sankasochera. Ndiye musanene kuti kuyang'ana kumwamba ndi kwa azungu. Kunali kwathu, tinangokutaya. Lero funsani mwana wa Giredi 9 akulozereni Akamwiniatsatana, adzakuyang'anani kumaso.

Chisomo (Giredi 11): Zoona ambuya, ine sindikuzidziwa. Ndi ziti?

A Mwale (Mfuwe): Chisomo, ndi nyenyezi zitatu zowala zimene zandondozana pamzere wowongoka, m'gulu limene mabuku amati Orion. Masiku ano zikutuluka kum'mawa cha pakati pa usiku, pofika Disembala uzidzaziona kutangoda. Ine ntchito yanga ndi yoperekeza alendo mu South Luangwa. Usiku tikamabwerera ndimazimitsa galimoto ndi nyali, n'kuwauza ayang'ane kumwamba. Ena amalira misozi. Kwawo ku London kapena ku Tokyo kuwala kwa mumzinda kunaphimba thambo, munthu amafika zaka 50 asanaonepo Mlalang'amba. Amalipira ndalama zambiri kudzaona chimene mwana wa ku Chadiza ali nacho pabwalo pa amake.

Amene mukufuna kuyamba, simufunika kugula kanthu. Sankhani usiku wopanda mwezi, chokani pafupi ndi malaiti, foni ikhale m'thumba. Maso amafuna mphindi 20 kapena 30 kuti azolowere mdima, ndipo ukangoyatsa foni wayambiranso. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ngati mukufuna tochi, ikulungeni ndi pulasitiki yofiira.

Mwezi uno wa Seputembala cha m'ma 19:30, yang'anani pamwamba chopendekera kumadzulo. Muona nyenyezi zopindika mchira wa chinkhanira, pakati pali yofiirira, dzina lake Antares. Pafupi pomwepo Mlalang'amba ndi wokhuthala kwambiri, ndipo kumeneko ndiye kuchimake kwa mlalang'amba wathu. Kum'mwera chakumadzulo kuli nyenyezi ziwiri zowala zimene zimaloza Mtanda wa Kum'mwera. Mtandawo tsopano ukulowa msanga, umaoneka bwino kuyambira Epulo mpaka Julayi. Yowala kwambiri pa ziwirizo ndi Alpha Centauri, mnansi wa dzuwa lathu, koma kuwala kwake kumayenda zaka zoposa 4 kuti kutipeze. Usiku ukapita, kum'mwera muona timitambo tiwiri toyera tosasuntha ndi mphepo. Imeneyo ndi milalang'amba ina payokha, waukuluwo uli pa mtunda umene kuwala kumayenda zaka pafupifupi 160,000. A ku Ulaya saiona, ndi yathu ya kuno kum'mwera.

Amake Tiyanjane (Kapata): A Mwale, pamenepa mwandisokoneza. Kuwala kumayenda zaka? Ine ndimati ukayatsa nyali kwawala basi.

Aphunzitsi Banda (Chadiza): Amayi, munaonapo munthu akudula mtengo kutsidya kwa dambo? Nkhwangwa imagwa, phokoso n'kukupezani pambuyo. Kuwala nakonso kumatenga nthawi, kungoti kumathamanga koopsa, makilomita 300,000 pa sekondi imodzi. Kuchokera kumwezi ndi sekondi imodzi ndi pang'ono. Kuchokera kudzuwa ndi mphindi 8. Kuchokera ku Nsangwe za ambuya a Jere ndi zaka pafupifupi 440, kutanthauza kuti kuwala kumene tikuone chaka chino kunanyamuka Zwangendaba asanabadwe.

Dalitso (Kitwe, kwathu ku Petauke): Ndipo apa ndi pamene telesikopu ya James Webb ikugwirira ntchito. Anaiponya pa 25 Disembala 2021 kuchokera ku French Guiana, ili pa mtunda wa makilomita 1.5 miliyoni kuchoka padziko, galasi lake ndi lotambalala mamita 6.5. Popeza kuwala kumachedwa, kuona kutali ndi kuonanso zakale. Akatswiri amati chilengedwechi chili ndi zaka 13.8 biliyoni. Mu 2024 Webb inaona mlalang'amba monga unalili patangopita zaka 290 miliyoni chiyambireni zonse, ndipo mu 2025 anapeza wina wakale kuposa pamenepo. Chimene chawazunguza mitu n'chakuti milalang'amba yoyambirirayo ndi yowala komanso yochuluka kuposa mmene masamu awo ankanenera. Ndiye akubwereranso pa bolodi kukafufuza kuti nyenyezi zinapangika bwanji msanga chotero. Ine ndimaikonda sayansi pa chifukwa chimenechi, kuti chimene waona chikatsutsana ndi chimene unalemba, umasintha cholembacho.

A Tembo, za ife a mu Africa musaganize kuti tangokhala oonerera. Ku Karoo, South Africa, kuli MeerKAT, madishi 64 omvera mafunde a wailesi ochokera kuthambo, anaitsegula mu 2018. Inajambula chimake cha mlalang'amba wathu momveka kuposa kale lonse. Pamalo omwewo akumanga ina yaikulu, SKA, ntchito inayamba mu Disembala 2022, ndipo Zambia ili m'gulu la maiko 8 a mu Africa ogwirizana ndi South Africa pa ntchitoyi. Msonkhano waukulu wa akatswiri a zakuthambo a dziko lonse unachitikira ku Cape Town mu Ogasiti 2024, koyamba mu Africa muno. Zimbabwe, Kenya ndi Botswana aponya kale masetilaiti awo ang'onoang'ono. Ntchito zimenezi zimafuna odziwa masamu, makompyuta, zamagetsi, ngakhale owotcherera. Ngati ana athu sazidziwa, adzalembedwa ndi ana a ena.

A Jere (Mtenguleni): Mwandikumbutsa Edward Mukuka Nkoloso. Ife tinali anyamata pa ufulu mu 1964 pamene ankanena kuti Zambia idzapita kumwezi. Ankaphunzitsa achinyamata kufupi ndi Lusaka, kuwalowetsa m'mgolo n'kuwagubuduza paphiri. Anthu ankaseka, manyuzipepala akunja ankaseka kwambiri. Ndalama analibe, zipangizo analibe, roketi sinauluke. Koma munthu uja anali msilikali wa nkhondo yachiwiri, mphunzitsi, womenyera ufulu. Pa nthawi imene ankatiuza kuti munthu wakuda malire ake ndi khasu, iye ananena poyera kuti kumwezi n'kwathunso. Patapita zaka 5, mu 1969, a ku America anapondako. Ine sindimuseka.

A Phiri, mkulu wa mpingo (Vubwi): Ndikupempha kulankhulapo. Zambiri mwanenazi ndakondwa nazo, koma za mabiliyoni a zakazi zikundivuta. Ndikuopa kuti ana athu akazimva adzati kulibe Mlengi.

Nabanda (Katete): Abambo a Phiri, ine ndine wa kwaya, ndipo ndikayang'ana Mlalang'amba ndi pamene ndimamva kuchepa kwanga pamaso pa Mulungu. Tsegulani Amosi 5:8 m'Baibulo lathu lakale, mupeza Nsangwe ndi Akamwiniatsatana atchulidwa ndi maina omwewa a ambuya a Jere.

Aphunzitsi Banda (Chadiza): Ndionjezere pang'ono, abambo. Mmodzi mwa anthu amene anayamba kufotokoza ndi masamu kuti chilengedwe chikufutukuka, mu 1927, kenaka n'kunena kuti chinali ndi chiyambi, anali wansembe wa Katolika wa ku Belgium, Georges Lemaître. Unsembe wake sanausiye. M'kalasi mwanga muli ana a mipingo yosiyanasiyana ndi Asilamu omwe. Ndimawaphunzitsa mmene zinthu zimayendera ndi mmene timaziyezera. Za amene anaziika pamenepo amakaphunzira kwa inu ndi kwa makolo awo. Chimene ndimaopa ine ndi mwana amene akuuzidwa kuti asafunse.

A Phiri, mkulu wa mpingo (Vubwi): Ndamva. Sindinakhutire pa zakazo, koma kuti ana azifunsa sindikukana.

Chisomo (Giredi 11): Pa Facebook akulemba kuti NASA, bungwe la zakuthambo la ku America, yapeza zamoyo ku pulaneti ya Mars sabata yatha. Ndi zoona?

Dalitso (Kitwe, kwathu ku Petauke): Ayi mng'ono wanga, olembawo akuthamanga. Chimene chinalengezedwa pa 10 Seputembala 2025 n'chakuti kagalimoto ka Perseverance, kamene kakuyenda m'chigwa cha Jezero momwe kale munali nyanja, kanaboola mwala wina mu Julayi 2024. Mwalawo uli ndi timawangamawanga ndi michere imene pano padziko kawirikawiri imatsalira pamene tizilombo tosaoneka ndi maso tadya zinthu m'matope. Koma michere yomweyo ingapangikenso popanda chamoyo. Eni akewo akuti ndi chizindikiro chofunika kuchifufuza, umboni ayi. Kuti atsimikize, mwalawo uyenera kubwera kuno kudzapimidwa.

Kubweretsa miyala n'kotheka. Pa 24 Seputembala 2023 chombo cha OSIRIS-REx chinaponya pansi magalamu 121.6 a fumbi la chimwala cha Bennu. Atalipima anapezamo ma amino acid 14 mwa 20 amene zamoyo zimamangira matupi awo. Dziko la China nalo mu Juni 2024 linabweretsa dothi la kuseri kwa mwezi, mbali imene sitiiona tili pano.

Nabanda (Katete): Ambuya anga aakazi anali a ku Malawi. Ankati mwezi uli ndi akazi awiri. Wa kum'mawa, Chekechani, samupatsa chakudya chokwanira, n'chifukwa chake mwezi ukamapita kwa iye umaonda. Wa kumadzulo, Puikani, amamudyetsa bwino mpaka kunenepa. Aphunzitsi, nyenyezi ziwirizi ndi ziti?

Aphunzitsi Banda (Chadiza): Nthano yokoma, ndipo amene anaipeka ankayang'anadi kumwamba. Mwezi woonda umaonekadi kum'mawa mbandakucha, watsopano n'kuonekera kumadzulo ukukula. Koma akazi awiriwo ndi mmodzi. Ndi pulaneti ya Venus, Nthanda yomwe ija. Imakhala miyezi pafupifupi 9 ikutuluka m'mamawa, n'kubisala kuseri kwa dzuwa, kenaka miyezi inanso yotero ikuoneka madzulo. Panopa, mu Seputembala 2025, ili kum'mawa, odzuka kusanache akuiona. Imawala chifukwa yakutidwa ndi mitambo yochindikala, ndipo pansi pake pamatentha madigiri opitirira 460.

Amake Tiyanjane (Kapata): Popeza tayamba, ndifunsenso. Tsiku lina madzulo tinaona timagetsi tambiri tikuyenda pamzere kudutsa pamwamba pa phiri la Kanjala, popanda phokoso. Anthu anati ndi afiti ali paulendo. Nanga nyenyezi ikathothoka, ife tinakula tikumva kuti kwinakwake mfumu yamwalira.

A Mwale (Mfuwe): Amake Tiyanjane, amenewo ndi masetilaiti a Starlink, a intaneti ija inafika ku Zambia mu 2023. Amawaponya ambiri pa roketi imodzi, ndiye masiku oyambirira amayenda mondondozana asanamwazikane kukwera m'mwamba. Alibe nyali, dzuwa ndi limene limawawalira pomwe ife kuno kwada kale. N'chifukwa chake amaoneka kutangoda kapena mbandakucha. Akatswiri a zakuthambo akudandaula nawo, amalemba mizere pa zithunzi zawo. Mukaona chimodzi chowala kwambiri, chosaphethira, chikudutsa thambo m'mphindi zochepa, kawirikawiri ndi International Space Station. Ili pa makilomita 400, imazungulira dziko mphindi 90 zilizonse, ndipo m'katimo mwakhala muli anthu kuyambira Novembala 2000.

Yothothokayo si nyenyezi. Ndi kamwala, nthawi zambiri kosaposa njere ya mapira, kamene kalowa mumpweya pa liwiro lalikulu n'kupsa, makilomita 80 kapena 100 pamwamba pathu. Mukafuna kuona zambiri, dzukani mbandakucha pa 5 ndi 6 Meyi, pamene dziko limadutsa m'fumbi losiyidwa ndi nyenyezi ya mchira ya Halley, ija inaoneka mu 1986 ndipo idzabweranso mu 2061. Zikuluzikulu zimafika pansi. Ku Machinga, Malawi, mu 1981 kunagwa mwala wa makilogalamu opitirira 90. Ku Mbozi, Tanzania, kuli chachitsulo cha matani pafupifupi 16. Cha ku Botswana cha pa 2 Juni 2018 anachiona ndi telesikopu ku Arizona maola ochepa chisanagwe, anthu n'kukatola zidutswa zake m'Kalahari.

A Tembo (Sinda): Nanga chikabwera chachikulu?

Dalitso (Kitwe, kwathu ku Petauke): Ndiye ntchito ya ndalama mukudandaulazo, atate. Pa 26 Seputembala 2022 anawombetsa dala chombo cha DART pa chimwala chotchedwa Dimorphos, n'kusintha ulendo wake wozungulira chinzake ndi mphindi zoposa 30. Anaonetsa kuti ukachiona msanga ungachipatutse. Telesikopu yatsopano ya Vera Rubin ku Chile, pa zithunzi zake zoyamba za mu Juni 2025, inapeza zimiyala zoposa 2,000 zosadziwika m'maola pafupifupi 10.

Chisomo, tamvera ichi. Pa 1 Julayi 2025 anapeza nyenyezi ya mchira, 3I/ATLAS, yochokera kunja kwa banja la dzuwa lathu. Ndi mlendo wachitatu wotero amene anthu amuona. Woyamba anali 'Oumuamua mu 2017. Wachiwiri, mu 2019, anamupeza Gennadiy Borisov wa ku Crimea pa telesikopu yopanga yekha. Ku South Africa kuli Berto Monard amene wapeza nyenyezi zambiri zophulika pa makina a pakhomo pake. Zakuthambo ndi sayansi imene munthu wamba wakhama angathe kuikamo dzanja.

Chisomo (Giredi 11): Kusukulu kwathu kalabu ya sayansi ya JETS ilipo koma telesikopu kulibe.

A Mwale (Mfuwe): Yamba ndi ma binoculars, a 10x50 ngati ungabwereke. Utsamiritse zigongono pa mpanda kuti asagwedezeke. Uona zigwa za pamwezi, Nsangwe zichuluka kuchoka pa 6 kapena 7 kufika makumi angapo, ndipo pambali pa pulaneti ya Jupiter uona timadontho, miyezi yake inayi imene Galileo anaiona mu 1610. Ukayang'ana mawa lake upeza tasuntha. Jupiter panopa, mu Seputembala 2025, ikutuluka usiku kwambiri, uione mbandakucha pamwamba pa Nthanda. Pa foni ika Stellarium, yaulere ilipo ndipo imagwira popanda mabando. Pulaneti ya Saturn ikutuluka kum'mawa dzuwa likangolowa, pa 21 Seputembala 2025 ikhala moyang'anizana ndi dzuwa. Mphete zake zimafuna telesikopu, ndipo chaka chino cha 2025 zatitembenukira m'mphepete, zikuoneka kamzere chabe. Mu Malichi 2025 anaionjezera miyezi 128 yongopezeka kumene, yonse inakwana 274.

Aphunzitsi Banda (Chadiza): Abale, zokambazi zisathere pa foni. Mwezi ukufa pa 21, ndiye Loweruka pa 20 kudzakhala mdima wabwino. Bwanji tikumane pabwalo lina kunja kwa tauni, cha ku Mtenguleni, kufupi ndi ambuya? Ine ndibwera ndi ana a kalabu amene makolo awo alole. Chimene ndikufunitsitsa n'chakuti mwana aliyense abwere ndi kope. Ambuya akaloza nyenyezi n'kutchula dzina ndi ntchito yake, mwana alembe, pambali pake alembenso dzina la m'buku ndi mtunda wake. A ku Katete, Petauke ndi Lundazi chitaninso chimodzimodzi kwanuko, chifukwa Achewa, Ansenga ndi Atumbuka angakhale ndi maina ena. Nkhalamba zodziwa zimenezi zikutha.

A Mwale (Mfuwe): Loweruka ndikhala ndili ku Chipata, ma binoculars awiri ndibwera nawo. Tipemphere kuti utsi uchepe, chifukwa ukachuluka za m'munsi sizioneka.

A Jere (Mtenguleni): Bwerani. Ndikauza anduna kuti adziwe, anthu angadabwe kuona gulu pabwalo usiku. Ambuya anu aakazi ndi amene amadziwa maina ambiri kuposa ine, ndi anzawo awiri a m'mudzi muno. Ndiwaitana.

A Tembo (Sinda): Ine pa ndalama zija maganizo anga sanasinthe, zina zikanapita ku madamu ndi mbewu. Koma mwana wanga wamkazi wa Giredi 8 wawerenga zonsezi ndipo sakundipatsa mtendere. Nsangwezo zituluka nthawi yanji? Kuchoka ku Sinda ndi ulendo.

Aphunzitsi Banda (Chadiza): Zituluka cha m'ma 22:00, kuoneka bwino 23:00, ndiye konzekani kugona konko. Tiyamba 18:30 kuti tipeze Alpha Centauri isanatsike. Atsikana onse abwere ndi kholo kapena aphunzitsi aakazi. Tengani mphasa, majuzi ndi mankhwala a udzudzu.

Amake Tiyanjane (Kapata): Ine ndibwera ndi ana onse atatu, apongozi nawonso akuti sawasiya. Ndiphika mbatata ndi tiyi. Amene ali ndi malo m'galimoto kuchokera ku Kapata andiuze pofika Lachisanu.

Nabanda (Katete): Loweruka ndili pa ntchito. Chisomo, ujambule mawu a ambuya aakaziwo pa foni, uyambe wawapempha, ndipo uwafunsenso ngati akuidziwa nthano ya Chekechani kapena Angoni ali ndi yawo. Uike pagulu pano Lamulungu.